Gitala ya Mchiji

Tsiku limene Shafi, makaniko wa mainjini a maboti, anaiona gitala ija pa foni, anasiya injini ya eni ake ili chitsegulire pamchenga wa ku Chembe, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka kupita kunyumba, manja ali bii ndi oilo.

"Awa! Awa! Tatuluka msanga! Padziko pano pali anthu oganiza!"

Awa, mkazi wake, anatuluka ndi lichero la usipa m'manja, poyesa kuti mwamuna wake wapsa ndi petulo. M'malo mwake anangoona foni ikumugunda pamphuno.

"Ndi gitala," anatero Awa. "Ndiye mwandidzidzimutsira chiyani, Che Shafi? Simunaionepo gitala?"

"Taona bwino, mayi iwe! Taona kumene khosi lake laloza. Ndi yamanzere! Sanachite kuitembenuza ayi. Anaipanga choncho, dala, atakhala pansi, akuganiza za ine!"

"Azungu akuganiza za inu?"

"Za ine ndi abale anga onse amanzere, kulikonse kumene akuzunzika!"

Anavina pakhomo pomwepo mpaka nkhuku zinabalalika.

Tisamuseke msanga Shafi. Munthu ameneyu anabadwa wamanzere m'nyumba ya Chisilamu ku Mangochi, ndipo amene anakulira kuno akudziwa tanthauzo lake. Dzanja lamanja ndi lodyera, lopatsira moni, loperekera ndi lolandirira. Lamanzere lili ndi ntchito yake imodzi, ija sitiitchula anthu akamadya. Anzake a ku madrasa anamupatsa dzina loti Mchiji, ndiye kuti manzere m'Chiyao, ndipo dzinalo linamukakamira ngati nkhupakupa. Bambo ake, Che Wadi, analimbana nalo dzanja limenelo ngati mdani. Likati lilowe m'mbale, pensulo yaukalipentala inkatera pazala, tha! Likati ligwire cholembera, tha!

"Dzanja lamanzere silibala kanthu kabwino," ankatero Che Wadi, ndipo mawu awo sankabwezedwa.

Mkuluyu anali mmisiri wokhoma maboti a matabwa m'mbali mwa Shire, kumunsi kwa mlatho. Kuchokera ku Malombe mpaka ku Makanjira, aliyense ankadziwa kuti boti la Che Wadi sililowa madzi. Ntchito yomaliza, yomata mipata ya matabwa, ankaigwira okha kuseri kwa mpanda wa bango, atathamangitsa aliyense. "Ntchito imeneyi sifuna maso," ankatero. Anthu ankanong'onezana kuti pali mankhwala, ndipo iwo ankawasiya anong'onezane.

Pa kudya, kulemba ndi kupereka moni, Che Wadi anapambana. Koma pa sipanala ndi pa gitala, dzanja la Shafi linakana kwamtuwagalu.

Shafi ankaimba m'gulu lotchedwa Usipa Wamoto, lotsogozedwa ndi a Kingstone, mphunzitsi wa ku Ntcheu amene boma linamuponya kunyanja. Gululo linali ndi gitala imodzi yokha, ndipo gitala yomweyo inalinso ya kwaya ya kutchalitchi kwa a Kingstone. Choncho Lachisanu lililonse Shafi ankamasula nsambo zonse zisanu ndi imodzi n'kuzimanga chobwerera, yaikulu pamalo pa yaing'ono. Loweruka akamaliza kusangalatsa alendo kuloji, ankazibwezanso kuti Lamulungu zikaimbidwe ndi dzanja lamanja. Gitala imeneyo inkasintha chipembedzo kawiri pa sabata. Komanso timabatani tokwezera mawu, timene kwa anzathu amanja timakhala kumunsi, kwa Shafi tinkakhala pansi pa mkono penipeni. Nyimbo ikangofika pokoma, chigongono chinkapotokola kabatani, mawu n'kuzima. Anthu ankangoona munthu akukwinya nkhope ndi kupinda msana popanda chomveka, n'kumafunsana ngati wadwala m'mimba.

Tsono mlongo wake wamng'ono, Shakila, anali kukwatiwa m'mwezi wa Ogasiti. Akakamanga ukwati kumzikiti, madyerero anali oti akachitikire muholo pa boma, ndipo Shakila anauma mutu kuti gulu la achimwene ake ndilo lidzaimbe. Che Wadi anali asanamumvepo mwana wawo akuimba. Akamva kuti Usipa Wamoto uli pafupi, ankapeza boti loti akaliyendere kutsidya. Koma pa ukwati wa mwana wako wamkazi sungathawe. Amakukhazika kutsogolo, pampando wovekedwa nsalu yoyera, ndipo umamva zonse.

"Kamodzi kokha, Awa," anatero Shafi atasiya kuvina, mpweya uli wefuwefu. "Kamodzi kokha ababa amve dzanja ili likubala kanthu kabwino. Koma osati pa gitala yozima pakati pa nyimbo."

A Kingstone, eni ake Chingerezi, ndiwo anawerenga zonse zimene sitolo ya ku Jeremani inalemba pansi pa chithunzicho. Gitalayo inali yofiira ngati matimati akupsa, ndipo pathupi pake panali mabowo awiri aataliatali, limodzi uku lina uku, opindika kumutu ndi kumchira ngati mbedza.

"Akuti thupi lake ndi la mphako, koma theka lokha," anafotokoza a Kingstone. "Pakati pali thabwa lolimba, m'mbalimu ndiye mphako. Mabowowa ndimo imapumira. Popanda magetsi imang'ung'udza yokha. Ukailumikiza, imalira ngati munthu."

"Munthu wosangalala kapena wapamaliro?"

"Zitengera woimba, achimwene."

Shafi anali ndi injini imodzi yakeyake, imene anaiukitsa kuchokera ku mitembo ya mainjini atatu. Anaigulitsa kwa msodzi wa ku Msaka sabata yomweyo, osanenerera n'komwe. Awa anapukusa mutu n'kunena kuti anakwatiwa ndi wamisala, koma poti wamisalayo ndi wake, palibe kuchitira mwina.

Vuto linabwera pamene fomu ya pa foni inafunsa dzina la msewu ndi nambala ya nyumba.

"Lembani kuti kuseri kwa mlambe waukulu, mukapitirira mathandala a usipa, mufunse kwa Mchiji wa mainjini," anatero Shafi.

A Kingstone anavula magalasi. "Achimwene, Mjeremani akafunsa ndani?"

Apa m'pamene anakumbukira Yunus, msuweni wake wa Shafi, wogwira ntchito m'shopu ku Joni. Ku Mangochi kuno, banja lopanda munthu ku Joni ndi losowa. Yunus anali ndi khadi la kubanki ndiponso nyumba yokhala ndi nambala pachitseko. Anagwirizana kuti gitala iuluke kuchoka ku Jeremani kupita kwa Yunus, ndipo kuchoka kumeneko ikwere galimoto za anthu aja amatuta katundu wa a ku Joni kubwera naye kumudzi. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Sitoloyo inatumiza nambala yaitali yolondolera katundu, ndipo nambala imeneyo inasanduka wailesi ya doko lonse. Asodzi akamakocheza m'mawa, asanatchule n'komwe mtengo wa usipa, ankayamba akuwa:

"Mchiji! Yafika pati?"

"Yatuluka m'sitolo!"

Mawa lake: "Mchiji! Lero?"

"Ili pabwalo la ndege, ikupuma!"

Mayi wina woyanika nsomba anafunsa ngati m'ndegemo aipatsa mpando wakewake. Shafi anayankha kuti pa ndalama zimene analipira, ikuyenera kukhala pawindo. Ankakwera pathanthwe posaka netiweki kakhumi pa tsiku, ndipo akatsika ankayenda ngati munthu amene mkazi wake ali kuchikuta.

Kenaka nambala ija inaima. Masiku asanu ndi anayi inkangonena chinthu chimodzi: katundu ali m'manja mwa a kasitomu, aja otolera msonkho, ku Joni. Shafi anaonda. Anamanga injini ya munthu n'kutsala ndi mabawuti atatu m'manja, osadziwa kumene achokera. Pa tsiku lakhumi Yunus anatumiza chithunzi atakumbatira bokosi lalitali ngati mkwatibwi, ndipo Shafi anaimba foni nthawi yomweyo.

"Usatsegule! Usaligoneke chafufumimba! Usaliike pafupi ndi mbaula!"

"Ukufuna ndiligulirenso bulangete?" anafunsa Yunus.

"Ngati kukuzizira, eya!"

Bokosilo linakwera pakati pa mafiriji, matiresi, njinga ndi zigubu za mafuta ophikira, kudutsa Zimbabwe, kudutsa Tete. Nambala ya Ajeremani inathera pa Joni. Kuyambira pamenepo cholondolera chinali pakamwa pa woyendetsa galimoto, ndipo pakamwapo pankatuluka mawu amodzimodzi kwa masiku khumi ndi limodzi: "Tatsala pang'ono, bwana."

Lachinayi m'mawa, kutatsala masiku atatu kuti ukwati uchitike, foni inalira.

"Bwana Shafi? Katundu wanu ndatula."

"Mwatula kuti? Ine ndili pano, sindikuona galimoto!"

"Pabokosi analemba kuti Shafi Wadi, Mangochi. Wadi amene ndimamudziwa ine ndi wa maboti. Ndasiya kwa madala, alandira okha."

Shafi anapsompsona foni, anapsompsonanso sipanala imene inali m'dzanja linalo. Anayesa kuimbira bambo ake, koma foni ya Che Wadi inkakhala pamsomali m'nyumba, kulira yokha ngati wotchi. Iye ndi Awa anakwera njinga yamoto mpaka ku Monkey Bay, n'kulowa minibasi ya ku boma. Asanafike pa Makawa, aliyense m'minibasimo anali atadziwa za gitala, za Jeremani, ndi za mavuto a anthu amanzere. Minibasi itaima pa Namiasi kudikira anthu, Shafi anatulutsa mutu pawindo n'kuyamba kuitanira yekha, kuposa kondakitala.

"Boma! Boma! Malo alipo! Agogo, fulumirani, kuli gitala ikudikira!"

"Che Shafi, mundichititsa manyazi," anatero Awa, koma nayenso anali akuseka.

Anafika kwa Che Wadi dzuwa likuyandikira paliwombo. Kuseri kwa nyumba kunali phokoso la azimayi osankha mpunga wa ukwati, koma Shafi sanapite n'komwe kukapereka moni. Analunjika kumpanda wa bango, kumene boti latsopano linagona pansi pa mtengo wa mango. Bokosi lalitali lija linali pomwepo, lotsegula. Ndipo patebulo la ntchito, pamwamba pa chitenje chochapa bwino, panagona gitala, yofiira, yonyezimira, khosi lake litaloza kumene amaloza magitala a anthu amanzere.

Che Wadi anaima pambali, akupukuta manja, nkhope ili ngwee. Shafi anali asanawaonepo bambo ake akumwetulira chonchi chifukwa cha chinthu chake.

"Salaam aleikum, Baba."

"Aleikum salaam, Che Shafi." Chichokereni mwana wawo kujando, mkuluyu ankamutchula mwaulemu, monga achitira Ayao. "Mwayenda bwino? Musadandaule, ndakonza kale."

"Mwakonza chiyani, Baba?"

"Anthu aja anakuberani, kapena ndi a galimoto anaigwetsa, Allah ndiye akudziwa. Nditatsegula kuti ndione ngati zafika bwino, ndapeza ming'alu iwiri, uku ndi uku, yolowa chala! Ndinati, mwana wanga wagulitsa injini chifukwa cha thabwa long'aluka? Ndiye ndaikamo thonje, ndamata ndi utuchi wa mlombwa wosakaniza ndi guluu. Taonani mmene yakhalira. Ngakhale muiponye mu Shire, dontho silingalowe."

Shafi anayang'ana. Pamene panali mabowo aja panali mizere iwiri yotuwa, yosalala bwino, yotsata kupindika konse mpaka kunsonga. Kunena zoona, kumata kokongola chotero simungakupeze ngakhale ku Jeremani komweko.

Shafi anangokhala pansi pa utuchi. Anafuna kukuwa, koma bambo ako suwakuwira. Anafuna kulira, koma misozi inakumana ndi chiseko, ndipo chimene chinatuluka chinali kaphokoso ngati ka injini yomwa madzi. Awa, amene anaima pakhomo la mpanda, analuma nsonga ya mpango wake, mapewa akugwedezeka.

Potsiriza Shafi anatulutsa foni, anapeza chithunzi cha kusitolo kuja, n'kupereka ndi manja awiri. Che Wadi anachiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana gitala. Anayang'ananso chithunzi.

"Anaboola dala?"

"Dala, Baba."

"Munthu wanzeru zake, kutenga thabwa labwino chonchi n'kuliboola dala?"

"Ndimo imapumira, Baba. Mwaitseka mphuno."

"Astaghfirullah," anatero Che Wadi, navula kachipewa kawo koyera n'kukanda pamutu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma mmisiri wa maboti akaona bowo pathabwa, afunsenso chiyani? Zaka makumi anayi, bowo lililonse limene mkuluyu anakumana nalo linali mdani wofuna kumiza anthu.

"Ndimati musakachite manyazi pa ukwati wa mlongo wanu," anatero motsitsa mawu. "Anthu n'kumati mwana wa Che Wadi akuimba chinthu chong'aluka."

Mawu amenewo anamulasa Shafi mumtima. Ndiye kuti bambo ake ankaliganizira tsikulo. Ndiye kuti ankafuna mwana wawo akaoneke bwino, gitala ili m'manja. Anamva chisoni ndi chimwemwe nthawi imodzi, koma guluu sadikira munthu amalize kumva zinthu. Anadzambatuka, anasolola sikuludiraiva m'thumba, n'kulunjika pabowo.

Che Wadi anamugwira mkono. "Mukufuna kuipha? Iyi si injini. Apongozi, tatithamangirani madzi ofunda!" Awa atathamanga, mkuluyo anadina phala lija ndi chikhadabo. "Pamwamba pauma, m'kati mukadali mofewa. Dzuwa likangopendeka, zikhala mwala."

Madzi atabwera, ananyowetsa kansalu n'kukagoneka pabowo loyamba. Kenaka anasankha katchizulo kakang'ono kuposa tonse, anakagwira ndi dzanja lamanja, n'kuyamba kutokosa. Pakati, pamene bowo linali lowongoka, zinayenda, ngakhale pang'onopang'ono ngati nkhono. Koma atafika kumutu kopindika kuja, dzanja linayamba kunjenjemera. Katchizulo kanaterereka, n'kusiya kamzere kopyapyala ngati tsitsi pa utoto wofiira.

Onse awiri anakoka mpweya. Bowo loyamba linali lisanathe, lachiwiri lisanakhudzidwe, ndipo mthunzi wa mango unali utayamba kusuntha.

Che Wadi anayang'ana pakhomo la mpanda. Awa anali atapita kukatenga madzi ena. Mkuluyo anayang'ana mwana wawo.

"Che Shafi, tapitani mukapereke moni kwa amayi anu. Ntchito imeneyi sifuna maso."

"Pepani, Baba. Lero lokha sindichoka."

Chibadwire, Shafi anali asanawakanirepo bambo ake chonchi. Anayang'anizana. Kenaka mkuluyo anausa moyo ngati munthu wotula thumba la chimanga, anati "Bismillah," n'kusamutsira katchizulo kudzanja lamanzere.

Abale inu, dzanja limenelo linadzuka ngati lakhala likudikira pakhomo. Kunjenjemera konse kunatha. Katchizulo kanayenda m'mphepete mwa bowo, kukhota pamene bowo lakhota, osakhudza utoto ngakhale pang'ono, ndipo phala linkatuluka lathunthu ngati khoko la nthochi. Ndi kawaya kopinda anakoka thonje lonse. Bowo lachiwiri analimaliza pa nthawi imene munthu amamwera kapu ya tiyi.

Shafi anali kukamwa yasa.

"Baba... inu..."

"Khalani chete, guluu akuuma."

"Baba, ndinu Mchiji!"

"Ndati khalani chete!"

Koma zinali zitaphulika kale. Shafi anagwa pa utuchi, atagwira nthiti, akuponya miyendo m'mwamba. "Mankhwala aja anthu amanena! Mpanda wa bango! Ntchito sifuna maso! Maboti onse aja, kuchokera ku Malombe mpaka ku Makanjira, ndi a dzanja lamanzere! Ayi, ndifa ine lero!"

Che Wadi sanaseke. Anapukuta gitala ndi kansalu konyowa mpaka m'mphepete mwa mabowo munawala. Atatha anatembenuza dzanja lawo lamanzere n'kulionetsa kwa mwana wawo. Pamfundo za zala panali zipsera zakale zoyera, zimene Shafi ankaziona chikhalire n'kumayesa kuti ndi za ntchito.

"Agogo ako sankagwiritsa pensulo," anatero, ndipo ulemu wa kujando uja unagwa pansi osauzindikira. "Ankagwiritsa nsungwi. Ndikamaona kadzanja kako kakulowa m'mbale, mwanangu, ndinkaona nsungwi ija ikubwera. Ndinati bola ndikumenye ine pang'ono, kusiyana n'kuti dziko lidzakumenye kwambiri."

Chiseko chinamuthera Shafi. Anawamvera chisoni bambo ake, chisoni chenicheni, poganiza za zaka zonsezo zimene munthu wamkulu ankabisala kuseri kwa bango kuti agwire ntchito ndi dzanja lake lomwe. Kenaka ananyamula gitala n'kukhala pamphepete pa boti.

Inakhala pamwendo pake ngati mwana wodziwa mayi ake. Timabatani tinali kumunsi, kutali ndi chigongono. Nsambo yaikulu inali pamwamba popanda wina kuisamutsa. Anaichuna, n'kutsitsa dzanja lamanzere kamodzi. Popanda waya, popanda magetsi, mawu ofunda anatuluka m'mabowo muja, pamodzi ndi kathonje kamodzi kotsalira kamene kanauluka n'kukatera pandevu za Che Wadi.

Mkuluyo anawerama n'kuika khutu pabowo. "Ikupumadi," anatero. Kenaka anatsokomola. "Ku Jeremani kwanuko, amapanganso sizasi yamanzere? Ndikungofunsa. Ndipo za lerozi zithere mumpanda muno."

Lamulungu masana holo inadzaza mpaka m'mawindo. Shakila ndi mwamuna wake anakhala kutsogolo, ndipo pambali pawo, pampando wa nsalu yoyera, panali Che Wadi atavala mkanjo watsopano, pakati pa ashehe ndi akuchimuna, nkhope ili gwa. A Kingstone anayamba pa kiyibodi, ng'oma zinalowa, ndipo Shafi analumikiza waya.

Gitala inalira ngati munthu, ndipo anali munthu wosangalala. Nyimbo itafika pokoma, sinazime. Inakwera, inakweranso, azimayi n'kuimirira ndi nthungululu, ana n'kukwera pamabenchi. Asodzi a ku Chembe amene anabwera dala kudzaona chimene akhala akuchilondola masabata onsewa anali akukuwa kumbuyo, "Mchiji! Yafika! Yafika!" Koma Shafi maso ake anali pa munthu mmodzi, ndipo munthuyo sanagwedeze ngakhale chala.

Nthawi ya perekaniperekani, woyendetsa mwambo anaitana bambo a mkwatibwi. Che Wadi anaimirira, anapita kwa Shakila, n'kuponya zawo m'lichero ndi dzanja lamanja, monga mwa mwambo. Aliyense ankayesa kuti abwerera pampando. Koma anatembenuka n'kulunjika kumene kunali oimba, akuyenda pang'onopang'ono, mpaka anaima pamaso pa mwana wawo. Analowetsa dzanja m'thumba la kumanzere. Anatulutsa ndalama yapepala ndi dzanja lomwelo, anaikweza m'mwamba kuti aliyense aone, anaipinda ndi zala, n'kuilowetsa m'bowo la gitala.

"Che Wadi!" anakuwa mkulu wina wa kuchimuna. "Dzanja limenelo!"

Nyimbo inaima. Che Wadi analiyang'ana dzanjalo ngati akuliona koyamba. Anali ataima pafupi ndi maikolofoni, choncho holo yonse inamva.

"Ndi langa," anatero. "Ndilo linamata maboti amene nonsenu mwakwerapo. Alipo anamira?"

Kenaka nthungululu imodzi inang'amba holo, ndipo inali ya Che Abiba, amayi ake a Shafi, amene anali akuseka mpaka misozi. "Zaka makumi anayi ndikuwaona akusenda mango ndi lamanzere akayesa kuti ndayang'ana kumbali!" anauza azimayi anzawo. Holo inagwa ndi phwete, ashehe anabisa pakamwa ndi dzanja, ndipo a Kingstone anaiyambanso nyimbo.

Shafi sankaziona nsambo chifukwa cha misozi, koma dzanja linkaidziwa njira. Bambo ake sanabwerere pampando wa nsalu yoyera. Anaima pomwepo pambali pa sipika mpaka nyimbo inatha.

Ndalama ija ikadali m'gitalamo. Ikamalira nsambo yaikulu, pamamveka kaphokoso ka pepala m'kati, ndipo a Kingstone anenapo kangapo kuti kawaya kopinda kakhoza kuikoka mosavuta. Shafi amawayankha kuti aisiye momwemo.